Khadi la m'matope

Stafford anatuluka m'shedi ya nandolo pa Chiringa dzuwa litalowa kale, sikana, kachipangizo kowerengera timizere ta pa matumba, ili m'chikwama, mutu utaima.

Tsiku lonse analimbana nayo. Ikaloza timizere ta pa thumba inkawala bwinobwino, koma kompyuta ya pasikelo inangoti duu. Ziwirizi zinkapewana ngati mkamwini ndi apongozi ake. Anasintha chingwe, anasintha pobayira, osatheka. Chofunika chinali khadi la timizere tokonzera, loti sikanayo iwerenge kaye kuti imvane ndi kompyutayo, koma khadilo linasowa kalekale. Mayi Rozaria, oyang'anira shedi, sanabise mawu: lole ya ogula ikabwerera yopanda kanthu mawa, Stafford ntchito yathera pomwepo. Pakhomo anali ndi ana atatu. Chiyembekezo analibe.

Njira ya kwawo ku Nkhulambe imadutsa pamene kale panali mudzi. Pano ndi miyala yokhayokha imene madzi a namondwe Freddy anagubuduza kuchoka m'phiri. Anthu amadutsapo mofulumira, osacheza.

Tiii...

M'chikwamamo. Chonsecho anali ataizimitsa.

Anaima. Pamwala wina panakhala bambo, malaya ali chonyowa. Mvula inali isanagwe miyezi inayi.

"Ikukanatu, achimwene?"

Stafford anakumbatira chikwama chake, bamboyo n'kutambasula dzanja.

"Imafuna ili. Ndakhala nalo m'thumba, ndimasowa wom'patsira."

Linali khadi. Lozizira, lamatope. Stafford analipukuta ndi chala, n'kulozapo sikana. Tiii... tiii... tiii! Podzutsa mutu, pamwalapo panalibe munthu. Ngakhale khadilo m'manja munalibe. Liwiro lake silinali lamasewera.

M'mawa anabaya chingwe, lole ili kale pakhomo pa shedi. Thumba loyamba, kompyuta inayankha. Koma m'malo mwa dzina la mlimi inalemba kuti CORNELIUS AMOSI. Thumba lachiwiri, dzina lomwelo. Lachitatu, lachikhumi, chimodzimodzi. Anayesa kufufuta, zinakanika. Wogula anapukusa mutu nati nandolo wosadziwika mwini sanganyamule, lole n'kutembenuka.

Mayi Rozaria sanayang'ane n'komwe lole ija. Anakhala pa thumba, maso ali pa dzinalo.

"Mwalitenga kuti limeneli?"

Stafford anafotokoza zonse, mawu akutuluka modukaduka.

"Ndi amuna anga," anatero mayiwo chapansipansi. "Makinawa anaika ndi iwowo. Ankayesera ndi dzina lawo. Khadilo anapita nalo kunyumba sabata ya Freddy ija, ati lingasowe. Chaka chachitatu chino. Sitinawapeze, tinangolira maliro opanda mtembo."

Kenako anam'gwira dzanja mwamphamvu.

"Anakhala pamwala uti, mwanangu? Tiyeni mukandilozere. Khasu ndili nalo."

Anapitadi. Anazungulira mpaka dzuwa kupendeka, mayiwo khasu lili paphewa, akumuyang'ana iye pa mwala uliwonse. Miyalayo inali yosawerengeka, ndipo yonse inali yofanana.