Chisizasi M'manja mwa Profesa

Mtsikana wina wa fomu 3, amene anzake ankamutcha Profesa, anatsimikiza mtima kudulira chitsamba cha malume ake popanda kupempha. Iye ankakhulupirira kuti munthu wosaphunzira alibe choti angamuuze.

Malumewo ankasamalira maluwa m'nyumba za anthu. Pakhomo pa mlongo wawo, mayi a Profesa, anabzalapo chitsamba chimene chinkachita maluwa oyera kamodzi pachaka, nyengo yozizira ikangotha. Chaka chimenecho mkulu wake wa Profesa anaika ukwati wake pa sabata ya maluwawo, kuti adzajambulitse zithunzi patsogolo pa chitsambacho.

"Malume, chitsamba chanuchi changoti nyankhalala ngati tsitsi la munthu wodzuka kumene," anatero Profesa m'mawa wina. "Alendo adzatiseka. Buku lathu likuti mitengo imaduliridwa nthawi yozizira."

"Imeneyo ndi mitengo ina, mwana wa mlongo wanga," anayankha malumewo. Anapinda kanthambi n'kumuonetsa timfundo totupa. "Maluwa ali m'menemu. Ichi timadulira maluwa akayoyoka, osati asanatuluke."

"Mwaziwerenga kuti zimenezo? Inu amene dzina lanu lomwe mumasaina ndi chala?"

Malumewo anakwera njinga yawo ulendo wa kuntchito.

Profesa anakatenga chisizasi chawo kuseri kwa chitseko. Anamanga chingwe monga anaonera pa chithunzi cha m'buku, n'kuyamba kumeta. Pofika masana chitsamba chinali chitasanduka bokosi la ngodya zinayi, ndipo iye anachizungulira kawiri, manja ali m'chiuno, akudzitamandira.

Madzulo malumewo anaima nthawi yaitali pa mulu wa nthambizo. Anatola imodzi, n'kuwerenga timfundo take ndi chala chomwe chija, kenako anaiika pansi mwaulemu.

"Zidzaphukanso, musadandaule," anatero Profesa.

"Masamba adzaphuka, inde."

Nyengo yozizira inatha. M'misewu yonse zitsamba za mtundu umenewo zinayera mbuu, koma cha pakhomo pawo sichinatulutse duwa ngakhale limodzi. Mkwatibwi analira, ndipo zithunzi anakajambulitsa pa mpanda wa anthu ena.

Pa mndandanda wa operekeza mkwatibwi, dzina la Profesa analifufuta. Tsiku la ukwati wa mkulu wake yekhayo, iye analithera kukhitchini, akutsuka mbale za alendo.