Malaya Othina M'khwapa

Makatoni anayi anabwezedwa Lolemba m'mawa. Dalaivala anangowatsitsa pakati pa chipinda chosokeramo n'kutuluka osapereka ndi moni womwe. Munali malaya a sukulu mazana awiri, onse othina m'khwapa, moti mwana atavala sakanatha kukweza dzanja m'kalasi. Atelala anasiya kupalasa makina mmodzimmodzi mpaka m'chipindamo munangoti zii.

Manijala wa pamalopo anali mtsikana amene aliyense ankamutchula kuti Kasingano, chifukwa pamene ankayamba ntchito anali woonda zomvetsa chisoni. Anali atangokwezedwa kumene, ndipo udindowo unkamuluma ngati nsapato yatsopano. Ankayenda ndi tepi m'khosi, foni m'manja, ndipo nyimbo yake inali imodzi yokha, yoti anthu afulumire.

Amene anamuphunzitsa ntchito anali Azakhali, mayi wachikulire amene ankadula nsalu patebulo lalitali la pawindo. Panalibe m'bale wawo weniweni pamenepo, koma aliyense anali atadyako kamba wawo ndiponso atalawako lilime lawo. Azakhali anali ndi lamulo loti usanadule mulu wa nsalu, uyambe wadula malaya amodzi, uwasoke, wina awayese. Patebulopo ankasanja nsalu makumi awiri n'kuzidulira pamodzi, ndiye mpeni wamagetsi ukaphonya kamodzi, malaya makumi awiri apita.

Ntchito ya sukuluyi inabwera mochedwa, ndipo Kasingano anajambula yekha patani pakatoni. Azakhali atayiona anati khwapa lachepa, napempha theka la tsiku kuti ayambe ayesa. Anamukumbutsa kuti kuthamanga si kufika. Kasingano anachita manyazi kuti akuwongoleredwa pamaso pa anthu ake, ndiye anayankha mokweza kuti zimenezo n'zachikale.

"Ingodulani, Azakhali. Zikavuta ndiyankha ndine," anatero. Onse anamva, ndipo Azakhali anadula.

Tsopano mwini kampaniyo anali atafika, bambo wa mtima wapachala amene ankaoneka pokhapokha zinthu zikawonongeka. Anatulutsa malaya amodzi, kuwatembenuza, n'kuwaponya pansi. Anafunsa funso limodzi lokha, loti anadula ndani.

"Ndine, bwana," anayankha Azakhali.

Atatero anatembenuka n'kuyang'ana Kasingano. Sanamuyang'ane mwaukali ayi, anangomuyang'ana ngati mmene mayi amadikirira mwana kuti amalize yekha mawu. Kasingano anaganiza za udindo wake, za mpando wake wa muofesi, n'kuweramitsa mutu kumayang'ana manambala a patepi. Mwini kampani anati maso a mayiwa atha, apite akapume kwawo. Azakhali anavula epuloni, kuipinda bwinobwino, n'kutsanzika aliyense mmodzimmodzi. Zaka makumi awiri ndi zitatu zinathera pomwepo, nthawi ya tiyi isanakwane.

Palibe amene anatukwana Kasingano. Bola akanamutukwana. Dzina lake lija linafa, aliyense n'kuyamba kumutchula kuti abwana, mwaulemu wozizira. Bambo wosita zovala, amene kale ankaseketsa anthu mpaka nthiti kuwawa, anangokhala duu ndi simbi yake. Kasingano akalamula, onse ankachita ndendende zimene wanena, kaya n'zolondola kaya n'zolakwika. Ankapita kunyumba mtima ukumupweteka, chakudya osachimva kukoma.

Pa sabata yachitatu anatulutsa ulusi wolakwika, ndipo atelala anasoka nawo masiketi tsiku lonse. Atazindikira, anafunsa wosita uja chifukwa chake onse anangoyang'ana osamuuza.

"Amene ankakuuzani aja ali kuti, abwana?" anafunsa bamboyo, osadzutsa mutu.

Mawa lake Kasingano anaitana mwini kampani. Sanalowe naye muofesi. Anaima pakati pa makina, n'kutulutsa patani ija, pamene panali manambala olembedwa ndi dzanja lake. Anafotokoza zonse, kuti anachenjezedwa, anakana, n'kulonjeza kuti ayankha yekha. Mwini kampani anakalipa mpaka kutuluka thukuta, anamupatsa kalata ya chenjezo, kenako anati apite akawatenge Azakhali abwerere pa ntchito.

Loweruka masana Kasingano anathamangira kwa Azakhali, mtima uli m'malo koyamba pa masabata atatu. Anapeza galimoto pakhomo, bedi ndi matiresi zitamangidwa kale pamwamba. Mwana wawo wamwamuna, amene ankakhala kutali, anali atabwera kudzawatenga. Azakhali anali atakhala pampando wotsala, ataonda, tsitsi litayera kuposa kale.

Kasingano anagwada pafupi nawo n'kunena zonse, misozi ili chuchuchu. Anati tebulo lawo likuwadikira Lolemba. Azakhali anamusisita pamutu n'kumuuza kuti wachita bwino, koma nyumbayo abweza kale kwa eni ake, ndipo manja awo ayamba kunjenjemera chichokereni ku ntchito.

"Ndikhululukireni, Azakhali. Ndinachita mantha."

"Ndinaona, mwanangu. Ntchito sindinailire kwenikweni. Tsiku lija nditatuluka ndinaima pageti mpaka dzuwa kundiwotcha, ndimvekere mwana wangayu atuluka pompano adzandiitane. Mlonda anachita kundibweretsera mpando."

Tsiku limenelo Kasingano anawaona ndithu pawindo la ofesi, ndipo anakoka katani.

Mwana wawo analiza hutala. Azakhali anadzuka movutikira, ndipo Kasingano anawanyamulira mpandowo mpaka pagalimoto. Anaima pamsewupo mpaka galimoto inakhota, ali ndi uthenga wabwino umene unalibenso woulandira.