Tsabola ndi Jekete ku Mathithi

Anakumana pa siteji ya basi tsiku limene dzuwa linkawotcha ngati lapsa mtima. Anthu ankadzikupiza ndi nyuzipepala, ena atapinda manja a malaya, koma mnyamata wina anali ataima chilili ndi jekete yakuda, mabatani onse otseka, thukuta likuyenderera m'khosi.

Tsabola anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Dzina limeneli anamupatsa ndi anzake a ku saluni kumene ankaluka tsitsi, chifukwa mawu akafika pakamwa pake sankabwerera m'mimba.

"Achimwene, mukudwala malungo?" anafunsa.

"Ayi chemwali, ndimagulitsa inshuwalansi. Anthu sakhulupirira munthu wopanda jekete."

"Ndiye mudzigulitse kaye nokha, chifukwa mukomoka pompano."

Mnyamatayo anaseka mpaka kugwira pamimba. Basi yake inafika, inadzaza, inanyamuka, iye ali pomwepo kupempha nambala. Madzulo ake foni ya Tsabola inalira.

"Lero ndapsa kawiri, dzuwa ndi maso ako. Koma maso ako apambana."

Tsabola anatsonya, koma uthengawo anauwerenga mpaka batire kutha. Mu foni mwake anamulemba kuti Jekete, ndipo dzinalo linamukakamira.

Pa nkhani ya pakamwa, mnyamatayu Mulungu anamupatsa mopanda kuyeza. M'mawa, "Shuga wanga, wadzuka bwanji?" Masana, "Duwa langa, usaiwale kudya." Malonjezo ndiye osanena. "Ndidzakumangira saluni yakoyako, ya magalasi mpaka kudenga." "Ndidzakuonetsa kwa mayi anga akangochira mwendo."

Chaka chinatha, mwendo osachira.

"Mwendo umenewo ndi wa njovu?" anafunsa mkulu wake wa Tsabola, amene ankakhala naye nyumba imodzi. "Mng'ono wanga, munthu amene akukufuna amakuonetsa kwawo ngakhale mayi ake atagona pamphasa."

Tsabola anamuikira kumbuyo Jekete, koma mumtima zinkamudya. Ankamukonda, ichi sakanabisa. Chimene ankafuna kudziwa chinali chimodzi basi: kodi chikondi chimenechi chikupita ku ukwati, kapena chingozungulira pa foni mpaka imvi?

Tsiku lina ku saluni kunabwera kasitomala wachilendo, mtsikana wamanyazi, mphunzitsi wa ana aang'ono. Anafunsa Tsabola ndi dzina.

"Ndamva kuti mumaluka bwino," anatero akukhala pampando. "Mundiluke zolimba, zoti madzi asawononge. Bwenzi langa likunditengera ku mathithi aja otchuka. Labwereka galimoto ndi dalaivala wake, ife kumangokhala kumbuyo."

Saluni yonse inati, "Eeeh!"

Tsabola anaikapo mtima wonse. Anamuluka sitayilo imene anaitulukira yekha, mizere ing'onoing'ono yozungulira ngati chigoba cha nkhono pamwamba pa khutu lamanzere. Mtsikanayo anadziyang'ana pagalasi, anathokoza kawirikawiri, n'kumapita. Koma nsanje anaisiya pomwepo, pachifuwa cha Tsabola.

"Anzako akutengera akazi awo ku mathithi," anamuuza Jekete atakumana. "Iwe kutali kumene unandifikitsa ndi kuseri kwa ofesi yako."

Jekete anatsamwa ndi madzi amene ankamwa.

"Mathithi? Shuga wanga, si madzi chabe amenewo? Ndikutsegulire mpopi uonere."

"Tsegula. Ukatero ufufute nambala yanga."

Anakangana sabata zingapo. Jekete ankati msewu ndi woipa, kenako ankati kuli udzudzu, kenako ankati ntchito yachuluka. Tsabola anasiya kuyankha mauthenga. Ndiye tsiku lina masana foni inalira, chipeso chili m'manja.

"Mtima wanga, Loweruka ukonzeke. Galimoto ndi dalaivala wake, ife awiri kumbuyo ngati nduna. Ndili ndi mawu ofunika oti ndikakuuze kumeneko."

Mawu ofunika! Mnzake anamulanda foni n'kuwerengera saluni yonse. Kunali kukuwa, kunali kuvina, kasitomala wina anaimirira mutu uli theka. Eni saluni anamukhazika pansi Tsabola n'kumupaka okha zikhadabo.

"Dzanja lamanzere lizikhala pafupi," anamulangiza. "Mwamuna akagwada usamachedwe, maondo awo sakhalitsa."

Loweruka galimoto inafika m'mawa, yoyera mbee, yonunkhira ngati sitolo ya sopo. Dalaivala anali bambo wachikulire wa malaya ositidwa bwino. Anatsika, anatsegula chitseko chakumbuyo, n'kuweramitsa mutu.

"Takulandirani, madamu."

Tsabola anacheuka kuona ngati kumbuyo kwake kuli madamu. Mkulu wake anasuzumira pazenera, anthu oyandikana nawo anatuluka ndi matsache ngati akusesa. Zonse zinali bwino, kungoti mwini ulendo kunalibe.

Anamudikira pa ngodya imene anapangana mpaka dzuwa kukwera. Atafika, anali wefuwefu, jekete ili pathupi monga mwa nthawi zonse.

"Pepa shuga wanga, ndimasita."

"Umasita jekete kapena nyumba yonse?"

Ananyamuka. M'galimoto munali mphepo yozizira, madzi a m'botolo, ndi nyimbo zapansipansi. Tsabola anatsamira paphewa la Jekete kuti amve kukoma kwa ulendo, koma phewalo silinkakhazikika. Foni inkangonjenjemera m'thumba. Ankaitulutsa, kuisuzumira, kuivundikira pantchafu.

"Ndani ameneyo?"

"Kasitomala."

"Loweruka?"

"Ngozi sizidziwa Loweruka, duwa langa."

Dalaivala, monga mwa ntchito yake, anayamba kufotokoza za malo amene ankadutsa, mapiri ndi minda ndi mtsinje umene umakagwa ku mathithiwo. Asanamalize, Jekete anamudula.

"Madala, musadzere msewu wa kumlatho. Akukonza."

Tsabola anadzutsa mutu.

"Iwe wadziwa bwanji? Si unati sunafikeko?"

"Ndimawerenga, shuga wanga. Munthu wa inshuwalansi amayenera kudziwa misewu."

Pa geti zinachitikanso. Tsabola atafunsa dalaivala kumene kuli zimbudzi, amene analoza anali Jekete, ndipo analoza molondola. Pamene ankabwereka majasi apulasitiki odzitetezera ku madzi, iye anatenga awiri, limodzi pamwamba pa linzake, n'kumanga chipewa chake mpaka kungotsala mphuno.

"Ukupita ku mathithi kapena kukaba?"

"Madzi akuno amawononga jekete."

"Wawerenganso?"

"Nzeru chabe."

Dalaivala anatsala pa galimoto. Awiriwo analowa m'kanjira ka miyala konyowa, pansi pa mitengo yodontha madzi ngakhale kumwamba kunalibe mtambo. Mkokomo unkamveka kale, ukukula ndi phazi lililonse, mpaka nthaka inayamba kunjenjemera. Atakhota pa thanthwe lina, Tsabola anaima n'kugwira pakamwa.

Mtsinje wonse unkagwa kuchokera pamwamba, woyera, wolemera, osapuma. Pansi pamene unkafikira sipankaoneka, panali utsi wa madzi wokhawokha umene unkakwera n'kubwerera ngati mvula. Pakati pa utsiwo panali utawaleza. Tsabola anaiwala kuchedwa kuja, anaiwala foni, anaiwala mwendo wa apongozi. Misozi inasakanikirana ndi madzi pankhope pake.

"Ndimakukonda, chitsiru iwe!" anakuwa.

"Wati chiyani?"

"Ndati ndimakukonda!"

Jekete anamwetulira n'kumufinya dzanja. Linali lamanja. Tsabola anazungulira mwaulemu n'kukaima mbali inayo kuti lamanzere likhale pafupi. Anadikira. Anakhosomola. Anakonza tsitsi ndi dzanja lomwelo, zikhadabo zikuwala. Jekete ankangoyang'ana uku ndi uku ngati munthu amene wathawa ngongole ya mowa.

"Mawu aja?"

"Kuno kuli phokoso. Tiye kutsogolo."

Kutsogolo anati kukuterera. Kutsogolo kwina anati kwachuluka anthu. Kodi munthu amafuna malo otani kuti agwade? Bwalo la ndege?

Pobwerera, kanjirako kankadutsa pa kakhumbi ka ojambula zithunzi. Apa Jekete anafulumira mwadzidzidzi, chipewa atachikokera pansi.

"Ima! Tijambulitse."

"Tili ndi mafoni, shuga wanga."

"Foni yanga yanyowa, yako ili ndi makasitomala. Sindichoka kuno wopanda chithunzi."

Wojambula anali bambo wamfupi wolongolola, kamera yake ataikulunga m'pulasitiki. Pakhoma la kakhumbiko panali bolodi lodzaza zithunzi.

"Sankhani kaimidwe, chemwali!" anatero. "Izi ndi zimene eni ake anazikana. Wina akuti watseka maso, wina akuti mimba yatuluka. Ife sititaya, timapachika apa kuti anthu aone ntchito yathu."

Tsabola anayamba kuyang'ana akuseka. Panali agogo atatsegula pakamwa, ana akulira, azungu ofiira ngati tomato. Kenako maso ake anaima pa chithunzi china chakumunsi.

Sanayambe waona nkhope. Anaona tsitsi. Mizere ing'onoing'ono yozungulira ngati chigoba cha nkhono pamwamba pa khutu lamanzere. Manja ake omwe! Anasangalala kaye, anafuna kuitana Jekete kuti adzaone kuti madzi sanaiwononge ntchito yake. Mphunzitsi uja anali atagwira pachifuwa, akuseka ndi kulira nthawi imodzi, dzanja lina atatambasula.

Ndipo kutsogolo kwake kunali mwamuna atagwada bondo limodzi, kabokosi m'manja, jekete yakuda itanyowa n'kumamatira pathupi.

Tsabola anachotsa maso pachithunzicho. Anatembenuka pang'onopang'ono, anapita pamene panaima Jekete, n'kumuvula chipewa chija.

"Aaa, bwana aja!" anakuwa wojambula mosangalala. "Mwabweranso! Ichi si munachikana inu, mumvekere jekete yaoneka ngati chiguduli? Zina zija munatenga. Tsiku limenelo tonse tinawomba m'manja! Nanga mlamu ali..."

Wojambulayo anayang'ana Tsabola. Anayang'ana chithunzi. Anayamba kupukuta kamera imene inali youma kale.

"Shuga wanga," anayamba Jekete.

"Usanditchule shuga. Ndani uyu?"

"Ndikufotokozera. Ndi nkhani yaitali."

"Ifupikitse."

Madzi ankadontha pamphuno pa Jekete.

"Mayi anga amamukonda."

"Mayi ako a mwendo aja? Iyeyu anawaona?"

"Amapita Lamlungu lililonse."

Tsabola anaseka, kuseka koipa kumene kunachititsa anthu odutsa kucheuka. Chaka chathunthu akupempherera mwendo, kumafunsa ngati atumize mankhwala opaka! Mkulu wake akadzamva adzati chiyani? Nanga ku saluni, kumene akudikira chala Lolemba?

"Ndiye mawu ofunika aja anali ati? Nena. Pano phokoso lachepa."

"Ndimati ndikuuze bwinobwino, pamalo okongola, kuti zisakupweteke kwambiri. Ukwati ndi mwezi wamawa." Anayesa kumugwira dzanja, Tsabola analichotsa. "Koma mtima wanga, pakati pa iwe ndi ine palibe chimene chisinthe. Iwe ndiwe amene umandiseketsa. Ndikulonjeza..."

"Ukalonjezanso kamodzi ndikuponya m'madzimo ndi majasi ako awiriwo."

Mathithi ankangokokoma kumbuyo kwawo, opanda nawo ntchito. Tsabola anayang'ananso chithunzicho. Mtsikanayo Tsabola sakanatha kumuda. Anali atakhala pampando wake, mutu uli m'manja mwake, akumuuza mwamanyazi za bwenzi lake labwino, iye n'kumamuchitira nsanje. Chinthu chimodzi chokha chinkamuvutabe.

"Tauni yonse ija, masaluni mbwee. Anafika bwanji kwa ine? Anandifunsa ndi dzina."

Jekete anakanda kumutu. Ndipo nkhope yake inawala pang'ono, ngati munthu amene wapeza pomaliza chinthu chabwino choti anene.

"Ndinamuuza ndine."

"Iwe?"

"Ndimafuna adzaoneke bwino pa tsikulo. Palibe amene amaluka ngati iwe, Tsabola. Ndimakunyadira, ukudziwa."

Kwa nthawi yoyamba chibadwire, mawu anafika pakamwa pa Tsabola n'kubwerera. Anamuyang'ana mwamunayo, amene ankadikira ndithu kuti athokozedwe. Chimene chinamupweteka koposa n'chakuti apa pokha sankanama.

Anavula jasi lapulasitiki, analipinda bwinobwino, n'kumuika m'manja. Anayenda yekha kanjira konse mpaka ku geti, madzi akumunyowetsa mmene angathere.

Dalaivala atamuona anathamangira chitseko chakumbuyo. Tsabola anapukusa mutu, anatsegula yekha chakutsogolo n'kukhala pansi, diresi likudontha pampando.

"Bwana akubwera, madamu?"

"Akubwera. Muwaike kumbuyo okha." Anapukuta nkhope ndi chikhatho, koma inanyowanso. "Ndipo bambo, ndikupempheni. Pobwerera musafotokoze chilichonse. Ndaona zokwanira."