Ukaona Phiri Undidzutse

"Kodi lilipo phiri loposa la Ndirande?" Idah anafunsa.

Amayi ankamanga chikwama. Adadi ankayasamula. Chiso, mlongo wake wakhanda, ankalira kumsana kwa amayi.

Idah ankakhala ku Ndirande. Phiri la Ndirande ankaliona tsiku lililonse. Koma lero ankapita ku Mulanje, kwa azakhali ake a Olivia. Idah ankafunitsitsa kuona phiri la kumeneko.

Adadi anali mlonda. Anali atangoweruka kumene. Sanagone. Amayi analawirira kukazinga mandasi a paulendo. Nawonso anali otopa.

Anakwera minibasi mpaka ku Limbe. Ku Limbe anadikira sitima. Anadikira. Anadikirabe.

"Bambo a Idah, ikanakhala minibasi bwenzi titafika," amayi anatero.

"Mwana akwereko sitima," adadi anayankha.

Kenako sitima inabwera. Munali anthu ambiri. Munali matumba. Munalinso nkhuku. Idah anapeza malo pawindo.

"Idah, titsikira pa Luchenza," adadi anatero. "Tikapitirira, sitima ikatitaya kutali."

"Ndidziwa bwanji kuti tafika?"

"Ukaona phiri lalikulu, undidzutse."

Adadi anaphimba nkhope ndi chipewa. Anagona.

Sitima inanyamuka. Gwede, gwede, gwede.

Idah anaona phiri.

"Adadi, dzukani. Phiri."

Adadi anatsegula diso limodzi.

"Limenelo ndi la Bangwe. Sitinatuluke n'komwe m'tauni."

Anagonanso.

Gwede, gwede, gwede. Nyumba zinatha. Kunayamba minda ya mapesi. Sitima inakhota, n'kutsika, n'kukhotanso. Ana ankathamanga m'mbali mwa njanji. Ankabayibitsa. Idah nayenso anabayibitsa.

Idah anaonanso phiri.

"Adadi, dzukani. Phiri."

Adadi sanatsegule diso.

"Kameneko ndi kaphiri," anatero ali m'chipewa.

"Iwe Idah," amayi anatero, "aleke adadi ako agone. Usawadzutsenso pachabe. Wamva?"

"Ndamva."

Posakhalitsa amayi anagona. Chiso anagona. Nkhuku nazo zinagona.

Gwede, gwede, gwede.

Kunja kunayamba chiperoni. Kamvula kozizira kankawaza. Nkhungu inatsika. Mitengo inabisala. Minda inabisala. Mapiri onse anabisala.

Idah anapukuta windo ndi juzi yake. Sanaone kanthu. Kunali koyera kokhakokha.

Maso ake analemera. Mutu unalemera. Idah anadzitsina pamkono. Sanagone.

Sitima inaima. Idah anasuzumira panja. Phiri kunalibe.

Pawindo panafika mayi wina. Anasenza beseni la nanazi.

"Nanazi, nanazi wotsekemera."

Idah anatsegula windo.

"Amayi, kuno n'kuti?"

"Pa Luchenza, mwanawe. Ugula?"

"Nanga phiri lili kuti?"

Mayi uja anaseka.

"Lafunda bulangete lero. Likumva kuzizira."

Idah anayang'ana adadi. Ankaliza mkonono. Anayang'ana amayi. Amayi anati asawadzutsenso pachabe. Adadi anati aone phiri kaye. Koma phiri kunalibe.

Sitima inaliza huta.

Idah anachotsa chipewa pankhope pa adadi.

"Adadi, phiri kulibe. Koma pano ndi pa Luchenza."

Adadi anatsegula maso onse awiri.

"Mayi a Idah, dzukani. Tatsika."

Anthu anali atadzaza pakhomo. Adadi anatulutsira chikwama pawindo. Mayi wa nanazi anachilandira. Amayi anatsika ndi Chiso. Adadi ananyamula Idah n'kudumpha.

Sitima inanyamuka. Gwede, gwede, gwede. Inalowa m'nkhungu.

Amayi anagwira chikwama. Anagwira Chiso. Anagwira Idah. Kenako anayang'ana njanji.

"Mandasi anga aja apitiriza ulendo," anatero.

Adadi anagula nanazi awiri kwa mayi uja.

Anakweranso minibasi. Munali mothina. Idah anakhala pamiyendo pa adadi. Nanazi anakhala pamiyendo pa Idah.

Msewu unakwera. Unatsika. Unakweranso. Kumanja kunali tiyi. Kumanzere kunali tiyi. Kutsogolo kunali nkhungu.

"Ine sindigona," Idah anatero. "Ndidikira phiri."

"Dikira, mama," adadi anatero.

Idah anagona.

Adadi anayasamula. Maso awo anali ofiira. Mutu wawo unaweramira kutsogolo. Anaudzutsa. Unaweramanso. Adadi anadzitsina pamkono. Sanagone.

Amayi anawaona.

Pang'onopang'ono kamvula kanakata. Mphepo inaomba. Nkhungu inayamba kuchoka.

Adadi anagwedeza Idah paphewa.

"Idah, dzuka. Phiri."

Idah anatsegula diso limodzi. Kenako anatsegula onse awiri.

Phiri linadzaza windo lonse. Idah anawerama kuti aone pamwamba pake. Sanapaone. Madzi ankatsika pamiyala ngati ulusi woyera. M'munsi mwake munali tiyi wobiriwira.

Idah analiyang'anitsitsa.

"La Ndirande ndi kamwana," anatero.

Adadi sanamve. Anali atagona kale.

Anatsikira pa Chitakale. Azakhali a Olivia ankawadikira pamsewu. Analandira Chiso. Analandira nanazi.

"Mwayenda bwanji, alamu?" azakhali anafunsa amayi.

"Tatopa, alamu. Msana wonsewu si wanga."

"Pepani. Pobwerera mungokwera minibasi basi. Sitima imachedwa."

Amayi anayang'ana adadi. Ankasinza ali chiimire. Anayang'ana Idah. Anali atagwira dzanja la adadi, maso ali kuphiri.

"Ayi," amayi anatero. "Pobwerera tikweranso sitima."