Mpando wa Mayi Remei

Batiste amati mkazi wake Neus ankangoyenda kutulo chifukwa cha kutopa. Mayi Empar, a nyumba yoyandikana, amati ayi, mpandowo unali ndi mwini wake. Aliyense ali ndi mfundo yake, koma amene anasowa tulo ndi Neus.

Neus anali namwino mumzinda wa Zaragoza. Atagwira ntchito yausiku chaka chathunthu, iye ndi Batiste anachita lendi nyumba kwa sabata imodzi m'katauni ka asodzi kugombe la Valencia. Sankafuna zambiri: kusambira, nsomba zokazinga, ndi tulo.

Madzulo oyamba amayi a mumsewumo anatulutsa mipando kudzapitidwa mphepo, monga mwa masiku onse. Atabalalika, pakhomo pa Neus panatsala mpando umodzi wakale, woyang'ana kunyanja. Anaulowetsa kuopa kuti ungabedwe.

Pakati pa usiku kunamveka kugogoda. Katatu, m'munsi mwenimweni mwa chitseko.

"Batiste, wamva?"

"Ndi mphepo. Gona."

"Mphepo yakwanuko imadziwa kuwerenga?"

Kutacha, mpando unali panja, uli chinyowere. Neus anaukhudza, nalawa chala. Mchere. Chitseko chinali chokhoma, kiyi ali m'chikwama chake.

Usiku wachiwiri anaulowetsanso dala, naumangirira kutebulo ndi chingwe choyanikira zovala. Anagona. Kenaka khwee. Zii. Khwee. Tebulo nalo linali paulendo. Neus anaima pamasitepe, nyali m'manja. Munthu panalibe. Panali fungo la ukonde wonyowa basi, ndi timadontho tolunjika kuchitseko. Mantha analipo ndithu, koma ukali unaposa. Anali atayenda maola anayi kudzagona, osati kudzalondera mipando.

Usiku wachitatu sakumbuka kanthu. Mbandakucha Mayi Empar, popita kukagula buledi, anamupeza panja atakhala pansi pambali pa mpandowo, atavala zogonera, mapazi ali mchenga wokhawokha.

"Wacheza nawo, mwana wanga?"

"Ndi ndani?"

"A Remei. Bwato la amuna awo silinabwerere. Zaka makumi atatu akudikira pampando umenewu."

"Ali kuti pano?"

"Kumanda, kuseri kwa tchalitchi. Chino n'chaka chachisanu."

"Ndiye mwandionerera masiku atatu osandiuza?"

Mayi Empar anakweza mapewa. "Kuno mpando wa mwini saukhudza. Ngakhale mwana amadziwa. Tinkati a mumzinda ndi ophunzira."

Batiste anafotokoza bwinobwino kuti munthu wozolowera ntchito yausiku amadzuka osadziwa, ndipo chinyontho cha kunyanja chimakhala ndi mchere. Neus, monga namwino, anavomereza kuti zimachitika. Chimene sanamvetse n'chakuti mwini wa mfundo zabwinozo anali atalongedza kale zikwama.

"Si mantha," anatero Batiste. "Kuhotelo kuli matiresi abwino."

Neus anaganiza. Kuhotelo kuli ana othamanga m'makonde ndi nyimbo mpaka kucha. Kuno wovuta ndi mmodzi yekha, ndipo chimene akufuna n'chodziwika. Kunatsala masiku anayi.

Madzulo, amayi ena akuona, anapukuta mpando uja ndi kansalu, nauyang'anitsa bwino kunyanja.

"Mayi Remei," anatero mokweza, "dikirani amuna anu mmene mungafunire, sindiukhudzanso. Koma ine odwala osagona ndawasiya ku Zaragoza. Musagogode."

Analowa, natulutsa zovala m'zikwama, nakhoma chitseko. Kiyi anapatsa Batiste kuti agone naye, popeza iye mphepo saiopa.