Kugogoda Pansi pa Manda a Otilia

Choyamba chimene Kaitano anachiona ndi namasupuni. Zaka zonse zimene anakhala ku Nyachikadza, m'mbali mwa kamtsinje kopatuka mu Shire, zomera zoyandamazo zinkadutsa tsidya linalo, kumene madzi ankathamanga n'kumadya gombe. Tsidya lake linali la madzi aulesi, otsukiramo mbale. Koma m'mawa wina, mvula itatha kale, anapeza namasupuni akuzungulirazungulira m'munsi mwa gombe lake, ndipo dothi lotalika ngati mkono linali litagumukira m'madzi.

Pagombe pomwepo panali manda a mkazi wake, Otilia. Mayiyu anamwalira chaka cha madzi osefukira, manda a mudzi atamira, ndipo anthu anangomukulunga m'mphasa n'kumuika pachulu cha kuseri kwa nyumba, poti ndi pokhapo panali pouma. Sanasiye mwana. Chimene Kaitano anatsala nacho ndi mtumbira umenewo basi, ndipo ankaulambulira kuposa dimba lake. Tsiku limenelo anayeza kuchokera pamtumbira kukafika pamadzi, napeza mapazi khumi ndi asanu.

Usiku wake, atagona khutu lili pamphasa, anamva kugogoda. Gu. Kenako zii. Gu. Sikunali pachitseko, sikunali padenga. Kunkachokera pansi penipeni, ngati wina akusinja mumtondo wokwiriridwa. Atatuluka anangopeza mdima wa ndiweyani, achule akulira m'bango, udzudzu uli ng'wii m'makutu. Atabwerera n'kuikanso khutu pansi, kugogoda kuja kunalipobe mpaka tambala woyamba. Kutacha, mapazi anatsala khumi ndi atatu.

Nkhani yotere sigona m'nyumba imodzi. Pofika usiku wachinayi, mabanja oyandikana naye anali atamva nawo, ndipo aliyense anali ndi ganizo lake. Ena ankati ndi ng'ona yoweta ya mfiti ikukumba phanga. Ena ankati mizati ikusowa m'makola usiku, matumba otolera thonje akusowanso, ndiye alipo akumanga nyumba pansi pa madzi. Koma mawu amene anam'lasa Kaitano anachokera kwa Clotilda, mayi wogulitsa nsomba zouma, amene pakamwa pake sipankadziwa kutseka.

"A Kaitano, musanamizidwe," anatero monong'ona, akuyang'ana uku ndi uku. "Ndi Otilia ameneyo. Munamuika ngati mbatata, wopanda bokosi, kutali ndi abale ake. Akufuna kutuluka, ndiye waitana madzi."

Kaitano anapita kwa a Goodwell, wapampando wa chipani m'deralo, kukapempha kuti mafupa a mkazi wake asamutsidwe. A Goodwell anayamba ndi kufunsa khadi la chipani, ndipo ataliona anayankhula mofatsa zedi. Kufukula maliro, iwo anati, ndi nkhani ya boma, ndipo boma silinanene kuti kuno mtsinje ukudya mudzi. "Kapena mukufuna mukaliuze ndinu?" Kaitano anavala chipewa chake n'kubwerera. Masiku amenewo ngakhale mtsinje sunkadandaulidwa mokweza.

Anayesa zimene munthu mmodzi angayese. Anakhoma zikhomo m'munsi mwa gombe, nalukira mitolo ya bango pakati pake. Madzi anazifukula usiku umodzi wokha. Anatumiza mawu kwa mlamu wake Augustino, mchimwene wa Otilia, amene ankakhala tsidya lija chakumtunda pang'ono, kuti adzathandizane. Yankho linabwera loti Augustino wadwala msana. Izi zinam'pweteka Kaitano kwambiri, chifukwa munthu ameneyu ndi amene anatsitsa mlongo wake m'dzenje ndi manja ake.

Mapazi atatsala atatu, Kaitano analeka kugona m'nyumba. Anakayala mphasa pafupi ndi mtumbira, mantha ali tho mumtima, nayembekeza. Pakati pa usiku kunayamba. Gu. Nthaka inanjenjemera pang'ono m'nthiti mwake.

"Otilia," ananong'ona, "ndinalakwanji ine? Bokosi ndikanalipeza kuti m'madzi muja?"

Gu.

Anakwawa mpaka m'mphepete mwenimweni mwa gombe, n'kuweramitsa mutu pafupi ndi madzi. Pamenepo m'pamene anazindikira kuti phokosolo silinkachokera m'manda. Linkabwera ndi madzi, kuchokera kumtunda. Anamasula mwadiya wake, bwato lakale losemedwa ndi bambo ake, napalasa mwakachetechete motsata bango, nkhafi isakumveka.

Pokhota mtsinje anaona chinthu chakuda chitaima m'madzi mpaka m'chifuwa, chikukweza mikono ndi kuitsitsa. Mwadiya unagunda china chake cholimba. Atapapasa ndi dzanja, anakhudza mitu ya mizati yobisika pansi pa madzi, yondandalikana kuchokera kugombe kulowera pakati pa mtsinje, matumba a dothi atapanikizidwa pakati pake. Madzi ankagunda mpandawo n'kupatuka, kuwolokera tsidya la Kaitano. Chinthu chija chinatsitsa chibonga chokulungidwa m'chiguduli. Anali Augustino.



"Msana wapola, alamu?" anafunsa Kaitano motsitsa mawu.

"Musakuwe," Augustino anayankha, mano akugundana ndi kuzizira. "Ana ali m'tulo pamwambapa."

Kaitano anakweza maso. Nyumba ya Augustino inali italendewera pamwamba pa gombe, mzati umodzi wa khonde uli m'malere. M'katimo mwana wina anatsokomola.

"Mukudziwa kumene madziwa akupita?"

"Ndikudziwa."

"Ndi mlongo wanu uja."

"Ndikudziwa, alamu. Ndimalira masana, usiku ndimakhoma. Kumtunda malo nkhabe, ndapempha mpaka ndatopa. Kulikonse kuli mwini. Ana asanu ndikawaike pati? Otilia madzi sangamuphenso." Anapumira m'mwamba. "Ngati mukufuna kuzula, zulani. Sindikugwirani dzanja."

Kaitano anagwira mzati wapafupi. Unali wongokhomedwa kumene, ukugwedera. Kuukoka kamodzi kokha, matumba akanatsatira, ndipo pofika m'mawa madzi akanabwerera kumene ankadya kale. Anaugwira choncho, mtima ukuwawa ngati wathiridwa tsabola. Ankadana naye munthu ameneyu, ndipo ankadziwanso kuti Otilia akanakhala moyo akanam'bweretsera m'bale wakeyo phala lotentha pagombe pano. Mwana uja anatsokomolanso.

"Mvula ikadzabwera, mpandawu sudzalimba," anatero Kaitano.

"Sudzalimba. Koma ana adzakhala atadyako mbatata za chaka chino."

Kaitano anatsetsereka kuchoka mumwadiya, madzi ozizira namufika m'khwapa. Anauwongola mzati uja ndi manja awiri, natembenuzira nkhope kumbali.

"Khomani," anatero.

Anagwira ntchito osayankhulana mpaka nthanda itatuluka. Chakum'bandakucha, kumunsi kwa mtsinje kunamveka dothi lolemera likugwera m'madzi, phuu, ndipo achule onse anakhala chete. Augustino anaimitsa chibonga m'mwamba. Kaitano sanacheuke.

Anafika kwawo dzuwa litatuluka. Chulu chinali chitang'ambika pakati, ndipo m'khoma la dothi lofiirira munkaonekera nsonga ya mphasa yowola, madzi akuinyambita pang'onopang'ono. Kutsikirako kunali kosatheka, chifukwa gombe linkagumuka ukangolipondako. Kaitano anakhala pansi, zovala zikudontha, namudikirira mkazi wake monga anachitira tsiku la maliro, koma ulendo uno yekha, popanda woimba nyimbo. Dzuwa lisanafike pamutu, Otilia anapita ndi madzi.