Ambulera Yachikasu Pachigudumu

Uyu ndi Timba. Si dzina lake lenileni. Bambo ake ndi amene anamupatsa dzinali. Anati ndi wamng'ono ndiponso sakhazikika, ngati kambalame kaja.

Timba ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti Amayi amuone.

Kunyumba Amayi ankamuona m'mawa uliwonse. Timba akamapita kusukulu ankaima pageti. Ankazunguza ambulera yake yachikasu katatu. Kaya kuli mvula, kaya kuli dzuwa, ankaizunguzabe. Amayi ankaima pazenera. Ankakweza manja onse awiri. Zikatero ndiye kuti tsiku layamba.

Koma tsopano pazenera paja panalibe munthu. Amayi anadwala. Anawagoneka m'chipatala chachikulu cha mumzinda. Madokotala anati pakatha masiku atatu adzawachita opaleshoni.

Timba ndi Bambo anakwera basi. Anafika mumzinda muli mvumbi. Kumwamba kunali kotuwa. Nyumba zinali zotuwa. Nawonso anthu anali ndi nkhope zotuwa.

Pakhomo pa chipatala panali mlonda.

"Pepa mwanawe," anatero mlonda. "Ana salowa kuno."

"Koma ine ndine wamng'ono," anatero Timba. "Sinditha malo."

"Lamulo ndi lamulo," anatero mlonda.

Bambo analowa okha. Timba anadikira pabenchi. Anadikira, anadikira. Mtima unkamuwawa.

Bambo atatuluka, Timba anawathamangira.

"Bambo, ndiwaimbire foni!"

"M'chipinda mwawo muli makina, mwanangu. Mafoni saloledwa."

"Nanga ali pati?"

"Ali m'mwamba, pansanjika yachinayi. Bedi lawo lili pafupi ndi zenera."

Zenera! Timba anagwiritsa ambulera yake.

"Tiyeni tikafune hotela," anatero Bambo. "Kunja kukuda."

Hotela yoyamba inali yaikulu. Pansi pake pankawala ngati mbale yotsukatsuka. Inali ndi chikepe. Inali ndi dziwe losambiramo.

"Iyi ndiye hotela," anatero Bambo. "Madzulo uzisambira."

Timba anathamangira pazenera. Anaona msewu. Anaona magalimoto.

"Ayi, Bambo. Chipatala sichikuoneka."

Hotela yachiwiri inali pafupi ndi nyumba ya kanema. Mabedi ake anali ofewa. Timba anathamangira pazenera. Anaona khoma. Pamwamba pa khomalo panali nkhunda yonyowa.

"Ayi, Bambo. Chipatala sichikuoneka."

Anayendanso mumvula. Nsapato za Bambo zinalowa madzi. Chikwama chinkalemera.

"Timba, miyendo yanga yatha," anatero Bambo.

"Imodzi yokha, Bambo. Chonde."

Hotela yachitatu inali yaing'ono. Inali yakale. Utoto wake unali utakanganuka. Patebulo la alendo panali mayi wina wonenepa. M'chiuno mwake munali makiyi ambirimbiri. Akamayenda makiyiwo ankalira, ngwe, ngwe, ngwe. Timba anawatchula kuti Anti a Makiyi.

"Kodi chikepe chili kuti?" anafunsa Bambo.

Anti a Makiyi anaseka.

"Chikepe chathu ndi miyendo yanuyo, bambo."

Anakwera masitepe. Anakwera, anakwera. Bambo ankapumira m'mwamba.

M'chipinda munali mabedi awiri. Babu linali lofooka. Bulangete linkanunkha m'kabati. Mpopi unkadontha, tho, tho, tho.

Timba anathamangira pazenera. Anatsegula katani.

Chipatala! Chipatala chonse, ndi mazenera ake onse!

"Tigona muno!" anatero Timba.

Bambo anayang'ana mpopi. Anayang'ana babu. Anayang'ana mwana wawo. Paja amati mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere. Bambo anaika chikwama pansi.

Madzulo Anti a Makiyi anagogoda. Anabweretsa pepala la zithunzi.

"Musamangokhala m'chipinda ngati nkhuku zonyowa," anatero. "Pafupi pano pali zoona zambiri. Pali kanema wa ana. Pali akasupe ovina. Pali chigudumu cha magetsi, chokhala ndi mipando. Ukakwera umafika kumwamba."

"Tiyeni kukanema," anatero Bambo.

"Ayi," anatero Timba.

"Nanga kuchigudumu?"

"Ayi. Ndikachoka, Amayi sandiona."

Timba anaponya pepala pansi pa bedi. Anatsegula zenera. Anawerenga nsanjika za chipatala. Yoyamba. Yachiwiri. Yachitatu. Yachinayi.

Anatulutsa ambulera kunja. Anaizunguza kamodzi. Anaizunguza kawiri. Anaizunguza katatu.

Palibe anakweza manja.

Anaizunguzanso. Mkono unanyowa. Pazenera lina panafika namwino. Namwinoyo anatseka katani.

Mpopi unkadontha, tho, tho, tho.

Tsiku lachiwiri Bambo anapita kuchipatala. Timba anatsala ndi Anti a Makiyi. Anawathandiza kupinda matawulo. Ankapinda mokhota. Anti a Makiyi ankabwereza kupinda, koma sankamukalipira.

Bambo atabwerako, Timba anawafunsa.

"Kodi Amayi anandiona?"

"Ndawauza, mwanangu. Akuti madzulo aliwonse amakhala pazenera. Amayang'ana, amayang'ana. Koma sakukuona."

"Chifukwa chiyani?"

"Kaya. Mwina ndi mvulayi."

Madzulo amenewo Bambo analimbikira.

"Lero tituluka. Ukangokhala pazenera udwala nawenso."

Anapita kukaona akasupe ovina. Anali pafupi, kuseri kwa sitolo ya nsapato. Nyimbo inkaimba. Madzi ankadumpha. Ankafiira, kenako ankabiriwira. Ana ankakuwa ndi chimwemwe.

Timba sankayang'ana madzi. Ankayang'ana manja a anzake. Uyu anagwira dzanja la amayi ake. Uyo anagwira dzanja la amayi ake. Ngakhale kamwana kena kolira kanali ndi amayi ake.

"Bambo, tiyeni tizipita."

Atafika m'chipinda, Timba anatsegula zenera. Anazunguza ambulera katatu.

Palibe anakweza manja.

Timba analowa m'bulangete. Analira chamumtima kuti Bambo asamve. Koma Bambo anamva. Anakhala m'mphepete mwa bedi. Anamusisita pamsana.

Mpopi unkadontha, tho, tho, tho.

Tsiku lachitatu mvumbi sunaleke. Bambo anabwerako madzulo. Maso awo anali ofiira.

"Opaleshoni ndi mawa m'mawa," anatero.

Timba anachita mantha. Madzulo otsala anali amenewa basi. Kodi Amayi apita kwa madokotala asanamuone?

Anaima pazenera. Anayang'ana chipatala. Anaganiza, anaganiza. Kenako anatembenuka.

"Bambo, mukuti Amayi amayang'ana panja?"

"Inde."

"Nanga akayang'ana amaona chiyani?"

Bambo anakanda m'mutu.

"Akuti amaona chigudumu chachikulu. Akuti madzulo chimayaka magetsi n'kumazungulira."

Timba anayang'ana kumanja. Kunalibe chigudumu. Anayang'ana kumanzere. Kunalibe chigudumu. Anakwawira pansi pa bedi. Anatulutsa pepala lija, lili fumbi lokhalokha. Anatsika masitepe chothamanga.

"Anti! Anti! Chigudumu ichi chili kuti?"

"Chili kuseri kwa chipatala, mwanangu."

"Kuseri?"

"Kuseri kwenikweni. Ungozungulira mpanda."

Bambo anali atafika pansi. Anagwira mutu ndi manja awiri.

"Kalanga ine! Ndiye kuti zenera la amayi ako layang'ana kuseri. M'chipatala muja njira n'zokhotakhota. Kumanja, kumanzere, kumanja. Mutu unandizungulira."

"Masiku atatu mukupatsa moni khoma lolakwika!" anatero Anti a Makiyi. "Zoonadi safunsa anadya phula. Thamangani, asanatseke."

Timba ndi Bambo anathamanga. Anadutsa pakhomo pa mlonda. Anazungulira mpanda. Anaponda m'zithaphwi, phwa, phwa, phwa.

Chigudumu chinali pomwepo. Chinali chachitali kuposa mitengo. Koma chinali chozima. Sichinkazungulira. Bambo wina wa chipewa ankaphimba mipando ndi mapulasitiki. Iyeyo ndiye anali woyendetsa.

"Tatseka," anatero woyendetsa. "Ndi mvula imeneyi ndani angakwere?"

"Ine," anatero Timba.

"Ubwere mawa, mwanawe."

"Mawa n'kutali, Ankolo. Amayi anga ali umo. Ana salowa. Mawa m'mawa akawachita opaleshoni. Sanandione."

Misozi inatsika.

Woyendetsa anayang'ana Timba. Anayang'ana chipatala. Anatafuna mlomo.

"Nsanjika yachingati?"

"Yachinayi."

Woyendetsa anachotsa pulasitiki pampando umodzi. Anaupukuta ndi mkono wa jekete.

"Koma mwana sakwera yekha," anatero. "Bambo, lowani."

Apa panali vuto. Bambo ankaopa pamwamba. Kunyumba babu likapsa, ankasintha ndi Amayi. Bambo ankangogwirira mpando.

Bambo anayang'ana kumwamba. Analowa. Anagwira chitsulo ndi manja awiri. Anatsinzina.

Woyendetsa anadina batani. Magetsi onse anayaka, ngwee! Chigudumu chinalira, kwii, kwii. Mpando unanyamuka.

Nsanjika yoyamba. Yachiwiri.

"Tafika?" anafunsa Bambo, ali chitsinzinire.

"Ayi, Bambo."

Yachitatu. Yachinayi.

Chigudumu chinaima. Mpando unagwedezeka pang'ono. Mphepo inali yozizira.

Mazenera anali ambiri. Ena anali otseka makatani. Ena anali amdima. Kodi la Amayi ndi liti?

Timba anatsegula ambulera yachikasu. Anaikweza m'mwamba. Anaizunguza kamodzi. Anaizunguza kawiri. Anaizunguza katatu.

Palibe anakweza manja.

Mtima wa Timba unagwa. Mkono unali utatopa. Koma anaikwezanso.

Kamodzi. Kawiri. Katatu.

Pazenera lakumapeto panagwedezeka chinthu. Dzanja linakwera pang'onopang'ono. Linali lowonda. Kenako linakwera linzake. Linali ndi bandeji.

Manja awiri!

"Amayi! Amayi andiona! Bambo, tsegulani maso!"

Bambo anatsegula diso limodzi. Anatsegula linzake. Anachotsa dzanja limodzi pachitsulo. Analikweza m'mwamba. Pamasaya pawo pankatsika madzi. Sanali a mvula.

Woyendetsa sanafulumire. Anayatsa kawailesi kake. Anakhala pansi pa denga la kanyumba kake n'kudikira.

M'mawa mwake nthawi sinkayenda. Bambo anali kuchipatala. Timba ankapinda matawulo ndi Anti a Makiyi. Anapinda limodzi. Analipindula. Analipindanso. Anti a Makiyi sanaseke tsiku limenelo. Ngakhale makiyi awo anali chete.

Masana chitseko chinatseguka. Anali Bambo. Ankapumira m'mwamba.

"Adzuka! Zayenda bwino!"

Timba anawalumphira m'khosi.

"Anena chiyani? Bambo, anena chiyani?"

"Angotsegula maso n'kufunsa funso limodzi."

"Funso lanji?"

"Akuti, kodi madzulo ano kuli chigudumu?"

Anti a Makiyi anaseka mpaka makiyi onse analira, ngwe, ngwe, ngwe.

Madzulo amenewo Timba anakwera chigudumu. Mawa lake anakweranso. Mkuja wake anakweranso. Kanema anamuiwala. Akasupe anawaiwala. Bambo ankakwera nawo, koma maso ankatsegula pansanjika yachinayi pokha.

Patatha sabata, Amayi anatuluka m'chipatala. Ankayenda pang'onopang'ono. Bambo anawagwira mkono uwu. Timba anawagwira mkono uwo.

"Tiyeni kuhotela mukapume," anatero Bambo.

"Dikirani kaye," anatero Amayi. "Ndikufuna ndichione pafupi."

Anazungulira mpanda. Anakhala pabenchi, pansi pa chigudumu. Woyendetsa anawavulira chipewa.

"Ndinali ndi mantha, Timba," anatero Amayi. "Madokotala anandiuza kuti nditsinzine. Anati ndiganize chinthu chabwino."

"Munaganiza chiyani?"

"Kachinthu kachikasu, kakuzungulira mumvula."

Mvumbi unayambanso. Timba anatsegula ambulera. Anakhala pakati. Amayi anali kuno, Bambo anali uko.

Ambulera inali yaing'ono. Phewa la Bambo linanyowa. Phewa la Amayi linanyowa. Koma palibe anafuna kunyamuka.

Amayi ankangomuyang'ana Timba. Ankamuyang'ana, ankamuyang'ana.